Lamineti wa ku Area 12

Esnati wa ku Mitundu wakalambira pa ntchito ya m'nyumba ku Area 12, ndipo chimene amanyadira padziko pano ndi kukolopa. Sakolopa mosisita ngati atsikana a masiku ano ayi. Amakhuthula ndowa yathunthu pasimenti, n'kugwada ndi chisanza mpaka pansi pawale. Ntchito imeneyi ndiyo imampatsa kanyumba ka kuseri komwe amagona ndi adzukulu ake awiri amasiye.

Tsono mayi Chitemwa, abwana ake, simenti yofiira inawatopetsa. Anakasankha ku Old Town timatabwa tija amati lamineti, mmisiri wina dzina lake Jobu n'kudzatiyala pabalaza, kumangotilumikiza popanda msomali. Za kasamalidwe kake Jobu anauza bambo a m'nyumbamo, munthu woti chibadwire sanagwirepo ndowa. Mawa lake banja lonse linapita kumudzi kumaliro, Esnati n'kuti asonyeze luso: m'mawa uliwonse madzi odzaza ndowa, sopo wosaumira.

Matabwa anamwa. Molumikizira munatupa, ndipo pakhomo penipeni thabwa lina linapindika ngati chikopa chouma padzuwa. Esnati analipondaponda, analitsamiza ndi mphika wa maluwa, koma ayi ndithu. Anaitana a Bonface, alonda a pageti, amene anagwirako maganyu a zomangamanga.

"Mayi, zimenezitu sizifuna madzi," anatero a Bonface. "Kansalu konyowa pang'ono basi."

Esnati chakudya chinasiya kumulowa. Galimoto ikangolira kumsewu ankasuzumira pawindo, m'maganizo akuona katundu wake ali panja, ana atakhala pamwamba pake.

Mayi Chitemwa anabwerako okha, bambo atatsalira kumudzi, ndipo polowa anapunthwa pa thabwa lija. Anakwiya koopsa, koma osati ndi Esnati.

"Jobu wandiyalira zinthu zachabechabe. Ndamuimbira, akubwera. Lero andidziwa."

Esnati anachita mantha kawiri, pakuti Jobu analibe mlandu, ndipo akangogwada n'kununkhiza sopo m'matabwamo, zonse ziululika.

"Mwaimiranji, anti?" anafunsa abwanawo. "Tungani madzi mukolope bwinobwino, asadzanamizire kuti ife sitisamala."

Anadzaza ndowa kumpope, nabwera nayo ikukhavukira m'miyendo. Abwana anali chiimire pakhomo, akumuyang'ana. Esnati anagwada, n'kuthira.