Khosi la Dengu

Fungo la mankhwala opaka, otentha aja, limandinyansa mpaka lero. Dzulo wina anawatsegula m'minibasi, ine ndinatsika ndisanafike kumene ndimapita.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene achemwali anga, amene ankathyola tiyi ku esiteti, anadzuka khosi litauma, thupi likutentha. Amayi anati, "Ndi dengu limenelo. Ndani amabereka dengu tsiku lonse osamva khosi?" Akapitawo atadutsa ananenanso zomwezo, kuti apume lero, mawa akaoneke kumunda. Ntchito yopaka mankhwala anandipatsa ine. Ndinapaka masiku awiri athunthu, achemwali akulira kuti nditseke chitseko chifukwa kuwala kunkawalasa m'maso. Akuluakulu onse aja, palibe ndi mmodzi yemwe amene anadabwa.

Tsiku lachitatu anayamba kubwebweta, ndiye tinawakweza pathirakitala yonyamula masamba. Kuchipatala anawatenga madzi a pamsana, n'kuwaika diripi. Namwino atamva fungo lija pakhosi pawo anayang'ana amayi.

"Amayi, awa ndi matenda oumitsa khosi. Amafuna jakisoni tsiku lomwelo, osati zopakapaka. Moyo mwina tiupulumutsa, koma za makutu sindikulonjeza."

Patatha masabata awiri ndinapita kukawaona, amayi atandipatsiranso kabotolo ka mankhwala opaka aja, ati mwina kafunika. Ndinapeza achemwali atakhala tsonga pabedi, akuyang'ana pazenera. Ndinaima kumbuyo kwawo n'kuwaitana. Ndinaitananso mokweza, kabotolo nditakafumbata m'thumba la diresi. Odwala onse m'wodimo anatembenuka, kupatula iwo.