Mchenga pa Boneti ya Agogo

Anthu ena akamva fungo la petulo amatseka mphuno, koma ine limandibwezera m'chigafa cha agogo anga aamuna, aMwale, kumudzi kwathu kumapiri a ku Dowa, Loweruka m'mawa nkhungu isanachoke m'zigwa. Chigafacho anachimanga kuti aziyanikamo fodya, ndipo fungo la fodyalo linali lisanathe m'mitengo yake, koma mbali imodzi agogo anaitchinga ndi njerwa n'kufolera malata, ndipo m'menemo ndi mmene munkagona galimoto yawo. Ankayamba ndi kuvundukula lona pang'onopang'ono ngati mayi wovundukula khanda, kenaka n'kutsegula boneti, kusolola kachitsulo koyezera oyilo, kukapukuta, kukabwezera, kukasololanso n'kukayang'ana padzuwa diso limodzi atatsinzina. Akakhutira ankakhala pampando, kuchita chizindikiro cha mtanda, n'kuliza injini. Inkatsokomola kamodzi kokha, kenaka n'kumangoguguda pansipansi ndi mawu akuya omveka m'chifuwa ngati ng'oma yaikulu ya kutchalitchi, nkhuku zonse n'kuthawira kuseri kwa nkhokwe.

Galimotoyo inali yakale ngakhale nthawi imeneyo. Agogo anagwira ntchito yoyendetsa galimoto pa esiteti ina ya fodya kwa zaka zambiri, ndipo mwini esitetiyo atakalamba n'kumabwerera kwawo, anawasiyira imeneyi chifukwa palibe wina ankaidziwa mtima wake. Inali yaifupi, ya zitseko zinayi, yobiriwira modera ngati tsamba lokhwima la mango, mipando yachikopa, ndipo kutsogolo kwa woyendetsa kunali thabwa losalala lonyezimira. Pongoiona munkayesa ndi galimoto wamba ya banja yopitira ku Misa. Koma agogo akatsegula boneti ankawerenga mapulagi a injini ndi chala.

"Mapulagi asanu ndi imodzi," ankatero. "Zinzakezi anayi basi. Imeneyi anaipanga kuti bambo azithamanga kutsogoloku, kumbuyoko ana ali m'tulo osadziwa kanthu."

Chodabwitsa n'chakuti m'misewu yathu ya katondo sankathamanga ngakhale pang'ono. Anthu a panjinga ankawapitirira akuseka.

"AMwale, tikukankheni kodi?"

"Pitani, pitani," ankayankha atatulutsa chigongono pawindo. "Mwala wa m'njira sufunsa kuti mapulagi ndi angati."

Agogo aakazi, aNabanda, ankaitcha mkazi wamng'ono. Ankauza alendo kuti, "Ine ndikatsokomola amangoti imwani madzi. Mkazi mnzangayo akatsokomola, amagona kunsi kwake tsiku lonse." Malamulo ake analinso ambiri. Nkhuku simunkalowa, thumba la chimanga simunkalowa, wokwera ankayamba wakuntha mapazi, ndipo kutsuka ankatsuka okha, chitseko cha chigafa atatseka.

Ine ndinakhala m'manja mwa agogo ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, amayi anga atamwalira, bambo atapita kumaesiteti a ku Kasungu osabweranso. Agogo aamuna ankanditcha mkazi wawo wa sukulu, monga mmene agogo amaseweretsera adzukulu, ndipo ndikaweruka ankafuna ndiwawerengere zonse za m'kope ngakhale zolakwa. Koma kukhala kwanga pakhomopo sikunali kokhazikika. Amayi aang'ono, omwe anakwatiwa ku Mponela, anali atabereka mapasa ndipo ankandifuna kuti ndikawalerere ana. Aliyense ankadziwa kuti mwana wopita kukalera ana sukulu imathera pomwepo. Agogo aakazi ankaona ukalamba wawo ndi kuchepa kwa chimanga m'nkhokwe, n'kumati mwina n'kwabwino. Agogo aamuna ankangoti, "Tiona." Ine mawu amenewo ndinkagona nawo, ndinkadzuka nawo.

Loweruka lina m'dzinja agogo ananyamula akwati kupita nawo kuparishi, ndipo anabwerako galimoto ili matope ofiira mpaka m'mawindo. Asanatunge n'komwe madzi, uthenga unafika woti mng'ono wawo wamwalira kutsidya la mtsinje, mbali ya ku Ntchisi, komwe nthawi ya mvula galimoto siinkafika. Ananyamuka wapansi ndi agogo aakazi, ine n'kundisiya kwa anansi, galimoto n'kutsala panja pansi pa mtengo. Inakhala pamenepo masiku awiri. Matope anauma, nkhunda zinanyerapo, mtengo nawo unadonthezapo utomoni.

Lolemba nditaweruka kusukulu ndinaima n'kumaiyang'ana. Ndinkadziwa kuti amayi aang'ono abwera Lachitatu kudzamva yankho. Ndiye maganizo anandibwerera, maganizo a mwana: agogo akapeza galimoto yawo ikuwala, adzaona kuti pakhomo pano ndili ndi ntchito, sadzandipereka.

Ndinatunga madzi. Matope anachoka bwinobwino, koma zitosi ndi utomoni zinakanirira. Abale anga, ine ndinkadziwa njira imodzi yokha yochotsera chinthu chokanirira pachitsulo, ndipo ndinali katswiri wake, chifukwa mapoto anga agogo aakazi ankawaonetsa kwa amayi ena pachitsime. Ndinathamangira kumtsinje kukatapa mchenga, ndinausefa kuti musakhale miyala, ndinasakaniza ndi phulusa, n'kutenga chitsononkho cha chimanga. Ndinakwecha boneti yonse mozungulizazunguliza, ndinakwecha chitseko cha kumanzere, ndinalowetsa zala m'timipata ta kutsogolo ndi m'kati mwa mawilo, uku ndikuimba nyimbo ya kwaya. Zala zinasupuka mpaka kutuluka magazi koma sindinamve. Nditatsanulira madzi, galimoto inawala moti ndinadzionera nkhope, ndipo ndinavina ndekha pabwalo.

Kenaka dzuwa linaumitsa madzi aja. Paboneti panayamba kuoneka mizere yoyera yozungulira, yambirimbiri, ngati zipere pamutu pa mwana. Ndinathiranso madzi, inabisala. Atauma, inabweranso. Ndinatunga ndowa zinayi, ndinagwada m'matope momwemo n'kupemphera Tikuoneni Maria mpaka mawu kusokonekera, koma mizere ija sinachoke.

Agogo anafika Lachiwiri masana, atatopa, miyendo ili matope. Agogo aakazi ndi amene anayamba kuona.

"Mayo ine! Mwana iwe watipha!"

Agogo aamuna sanakuwe. Anazungulira galimoto kamodzi, anayendetsa chala pamzere umodzi, anavula chipewa n'kukhala pachitsa.

"Wagwiritsa chiyani?"

"Mchenga, agogo."

"Mchenga."

"Koma ndinasefa."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anadzuka, analowetsa galimoto m'chigafa, anaifundika lona n'kutseka. Kuyambira pamenepo sananditchenso mkazi wawo. Akafuna madzi ankangoti, "Filomena," maso ali kwina.

Amayi aang'ono atafika Lachitatu, nkhani anaimvera kuchitsime asanalowe n'komwe pakhomo. Ine ndinali kuseri kwa khitchini ndikutongola chimanga, ndipo zonse ndinkamva.

"Mwaonatu, ababa? Mwana akamakhala ndi nkhalamba amalowerera. Lero ndi galimoto, mawa atentha chigafa. Ndipatseni ine, akaphunzire ntchito."

Ndinadikira kuti agogo anene kuti tiona. Sanatero.

"Chabwino," anatero. "Loweruka ndidzabwera naye ndekha."

Masiku otsalawo ndinachapa madiresi anga awiri, ndinabweza buku la aphunzitsi, ndinaika kolona ya malemu amayi m'jumbo pamodzi ndi makope. Agogo aakazi ankandipatsa ndiwo zambiri kuposa masiku onse, osandiyang'ana m'maso.

Loweruka m'mawa agogo anakhalitsa m'chigafa. Ndinasuzumira pampata wa njerwa n'kuwaona atanyonyomala pafupi ndi wilo, akupisa chala m'kati mwake, kuchiyang'ana, kupisanso m'timipata ta kutsogolo. Fumbi munalibe. Atatulutsa galimoto anandiuza kuti ndikhale kutsogolo, malo amene ndinali ndisanakhalepo. Chikopa chinali chozizira kumiyendo. Jumbo ndinaifungatira pachifuwa.

Tinatsika mapiri pang'onopang'ono monga mwa nthawi zonse, chimanga chitamasula ngayaye mbali zonse ziwiri, madzi a m'maenje akuwomba pansi pa galimoto. Titafika pamsewu wa phula anaima kuti aone mbali zonse. Kunalibe chikubwera, koma sananyamuke. Anali akuyang'ana zala zanga, zomwe zinali zikadali ndi nkhanambo.

"Ndi mchenga uja umenewu?"

"Inde, agogo."

"M'mawilo muja ine ndemwe sindifikamo. Unkafuna chiyani kwenikweni, mwana iwe?"

Aka kanali koyamba kuti munthu andifunse. Ndinayankha ndikuyang'ana jumbo.

"Ndimafuna muone kuti ndili ndi ntchito pakhomo panu. Kuti musandipereke."

Injini inkangoguguda. Agogo anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri, n'kupukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja.

"Gwira mpando," anatero. "Lero uchimve chinthu unakwechachi."

Analowa paphula. Anasintha giya, mawu a injini anakwera, ndipo ndinamva ngati dzanja lalikulu landikankhira kumsana wa mpando. Anasinthanso, n'kusinthanso. Mitengo ya bulugamu inayamba kulumikizana kukhala mpanda umodzi, lole ya fodya yomwe inali patali tinaipeza n'kuisiya ngati yaima, minibasi nayo chimodzimodzi, kondakitala atatulutsa mutu kukamwa kuli yasa. Ndinkayembekezera kuti igwedezeka ngati matola, koma ayi, inkangokhazikika pansi, pokhota n'kumakhota ngati madzi otsata ngalande, phokoso lija litasanduka nyimbo imodzi yosalala. Nditacheuka ndinaona agogo akuseka, mano awo otsalawo ali pamtunda, nkhope ngati ya mnyamata. Nanenso ndinakuwa ndi chimwemwe. Kenaka ndinakumbukira kuti kuthamanga kumeneku kukungondifikitsa msanga ku Mponela, ndipo kuseka kunandithera pakamwa.

Anachepetsa liwiro patali, misika isanayambe, n'kulowa pakati pa njinga ndi ngolo mofatsa ngati sindiwo. Pakhomo pa amayi aang'ono ndinatsegula chitseko kuti nditsike.

"Tseka. Khala momwemo."

Amayi aang'ono anatuluka mwana mmodzi ali kumsana, wina m'manja, nkhope ili yotopa zedi. Agogo analandira mwana wa m'manjayo, anamuseweretsa pang'ono, kenaka analankhula motsitsa. Zomwe ndinayamba kumva ndi mawu a amayi aang'ono.

"Ababa, si munalonjeza inu?"

"Ndinalonjeza nditakwiya. Mawu a mkwiyo ndi fodya wonyowa, mwana wanga, sapita kumsika. Amayi ako abwera adzakhale nawe mwezi wathunthu, ine ndiziphika ndekha. Koma uyu Lolemba akupita kusukulu."

"Inuyo kuphika? Mudzatentha nyumba!"

"Ndili ndi mkazi wa sukulu, adzandiphunzitsa."

Apo ndiye ndinalira, kulira kwenikweni, misozi n'kumagwera pachikopa chawo chija, ine n'kumapukuta msangamsanga ndi diresi kuopa mlandu wachiwiri.

Pobwerera anaima pasitolo ya zipangizo za galimoto n'kutulukamo ndi kansalu kachikasu kofewa ngati ubweya wa mwanapiye, ndi kachitini ka polishi. Pomwepo, anthu akudutsa, anandigwira dzanja n'kuliyendetsa paboneti.

"Poto amakhala pamoto, n'chifukwa chake amafuna mchenga. Ili ndi khungu. Umayamba ndi madzi ambiri, chokanirira umachinyowetsa n'kuchidikira, chimachoka chokha." Kenaka anatembenukira kwa ine n'kunena kuti, "Iwe unalakwa tsiku limodzi, posadziwa. Ine ndalakwa masiku anayi, ndikudziwa. Undikhululukire, wamva?"

Mpaka lero sindinamvenso mwamuna wamkulu wa msinkhu umenewo akupepesa mwana.

Mizere ija polishi anaichepetsa koma sinathe. Anthu ankawauza kuti ku Lilongwe kuli odziwa kupenta, iwo n'kumati penti ya masiku ano siingafanane ndi yoyambayo, bola zipsera. Loweruka lililonse tinkatsuka awiri, ndipo ndinaphunzira kumva ndi khutu pulagi ikafooka. Sukulu ndinafika nayo Sitandade 8. Kusekondale sindinapite, koma kuwerenga Mawu a Mulungu pamaso pa mpingo ndimawerenga, kalata ndimalemba ndekha, ndipo zonsezi ndimathokoza Ambuye ndi nkhalamba ija. Agogo atamwalira, amalume anaipereka galimotoyo kwa bambo wina wokonda magalimoto akale, yemwe anabwera ndi lole kudzainyamula kuti isavulale m'maenje. Nditaona mmene anaisisitira asanaikweze, mtima wanga unakhala pansi.

Chaka chatha mwana wanga wamkazi, Tiyamike, wa zaka zisanu ndi zitatu, anatenga bulauzi yanga yoyera ya amayi a kutchalitchi n'kuiviika m'beseni limodzi ndi chitenje chofiira chatsopano. Ndinaipeza pachingwe itasanduka ngati mkati mwa gwafa, Lamulungu kuli mawa lake, ina ndilibe. Ambuye andikhululukire, mthiko unali kale m'manja. Mwanayo anaima pakhoma, manja ali oyera ndi sopo, maso ali pamthiko. Ndinapuma kaye, n'kumufunsa kuti ankafuna chiyani.

"Dzulo mumati msana ukuwawa, amama. Ndimafuna mupeze ndachapa kale."

Ndinaubweza mthiko mumphika. M'mawa mwake ndinavala bulauzi yomweyo n'kukakhala pakati pa amayi anzanga oyera mbee, iwo akugwirana m'nthiti kudziletsa kuseka. Atandinong'oneza kuti nanga yunifomu yatani, ndinawalozera Tiyamike pabenchi la ana n'kuwauza kuti masiku ano ndili ndi wondichapira.