Adiresi ya kachipangizo kakupsa

Achimwene anga anamwalirira ku Joni, ndipo ana awo anaganiza zowaika komweko. Anati mwambo wonse auonetsa pa intaneti Loweruka masana, kuti ife akuno tiwaperekeze ndi maso.

Kuno kuchigwa foni imagwira mawu okha. Intaneti yodalirika inali ku ofesi ya mpingo wathu, koma amene anaikonza anatchera kabokosi kake kogawa intanetiyo kuti kazilandira zipangizo zimene kakuzidziwa basi. Iyeyo anasamuka kalekale, mawu achinsinsi n'kupita nawo. Laputopu ya ofesi inkalowa pa intaneti kudzera pa kachipangizo kobaya m'mbali, konga fulashi, ndipo kameneko kanapsa ndi mphenzi ya mvula zoyamba. Tinagula kena ku Zomba, kabokosi kaja n'kukakana.

Alamu anga, mphunzitsi wa ku sekondale, anafika m'mawa wa Lowerukalo. Anandifotokozera kuti kachipangizo kalikonse kamabadwa ndi adiresi yakeyake, manambala osakaniza ndi zilembo, ndipo kabokosi kamayang'ana imeneyo.

"Ndiye katsopanoka tikaveke adiresi ya malemuwa," anatero, akutembenuza kakupsa kaja kuti aone zolembedwa kumsana.

"Alamu, limenelo si bodza?"

"Aaa, akulu ampingo! Uja wa m'Baibulo anavala zikopa za mbuzi pamaso pa atate ake sanadalitsidwe kodi? Gwirani, muzindiwerengera."

Ndinawerenga, iwo akulemba. Anazimitsa laputopu n'kuyatsanso, koma inaonetsabe adiresi yobadwa nayo ija. Anazula kachipangizoko, kubayanso, chimodzimodzi. Atalemba adiresi yongopeka, laputopu inailandira bwinobwino. Atabwezera yathu ya kakupsa kaja, inaikana. Nthabwala zinawathera. Anaimbira mnzawo wa ku Blantyre, amene anati laputopu zoterezi zimalola adiresi yobwereka pokhapokha ngati pamalo achiwiri pali 2, 6, A kapena E. Yathu inali ndi ziro.

"Sinthanitu ziroyo," ndinatero.

"Tikasintha, laputopu ivomera, koma kabokosi sikatidziwanso. Tikaisiya, laputopu ikana."

Mumtima ndinangoti, Ambuye, inu amene mumadziwa aliyense ndi dzina lake, taonani tatsekeredwa kunja ndi chinthu chopangidwa ndi manja.

Amayi a mumpingo anali atayamba kufika, atavala zoyera. Achemwali athu aakulu, amene anawabereka kumsana achimwenewo ali khanda, anakokera mpando pafupi, napukuta magalasi awo ndi nsonga ya chitenje.

"Ayamba kodi? Ndikufuna ndione ngati amuveka jekete."

Alamu anawerama, akulembabe adiresi yomweyo.

Dzuwa litapendeka foni yanga inalira. Anali mwana woyamba wa malemu, akufunsa chifukwa chake sitikuoneka. Ndinamupempha kuti angokweza foniyo m'mwamba pamandapo. Yanga ndinaiika patebulo, enafe n'kuiweramira. Tinamva mphepo, nyimbo ya chilankhulo chachilendo, kenako mafosholo ndi dothi likugwa pa bokosi.

Achemwali sanachotse maso pa laputopu mpaka mafosholo analeka.