Ndeke Itazima Injini ku Shimabala

Tinali kupalira chimanga ku Shimabala, ine ndi alamu anga, pamene ndeke yaing'ono inayamba kutsokomola kumwamba. Inatsokomola kawiri, kenako zii! Injini yazima, Mulungu wanga, ndeke ikutsika mwakachetechete.

Ife ndi mantha tinathawira pabwalo la mpira, poti pamtetete palibe chotigwera. Sitinadziwe kuti woyendetsa naye akufuna bwalo lomwelo!

Ndinavula duku n'kumaipirikitsa nalo ndekeyo kuti ipite kwina.

"Ba mulamu, gonani pansi, si nkhuku iyo!" anakuwa alamu angawo, n'kundigwetsa chafufumimba.

Mphepo yake inandipita pamsana. Matayala anagunda pansi, fumbi koboo, mpaka inakaima pafupi ndi golo.

Woyendetsa anatuluka, akuti mafuta anamuthera. Ine nthungululu basi, fumbi lili m'kamwa, ndili moyo ine, ndili moyo mpaka lero!