Vaneti Yabuluu Imene Ndinapeka

Chaka chimene fakitale inatichotsa ntchito, alamu anga anagula motoka yakale yochokera ku Japani. Tsiku lina anandibwereka. Pobwerera m'mbuyo pamsika wa Kafue, ndinakhulitsa chitseko papholo la magetsi, penti n'kuchoka.

Nditafika kunyumba ku Nangongwe ndinanama. "Ba mulamu, nenze napakinga bwino. Yagunda ni vaneti yabuluu, yathawa."

"Dalaiva munamuona?"

M'malo mongoti ayi, ine chitsiru ndinakometsera. Ndinati anali mdala wamtali, wachipewa chofiira, woduka chala chimodzi.

Mawa lake, dzuwa likuswa mtengo, vaneti yabuluu inaima pageti. Munatuluka mdala wamtali wachipewa chofiira. Anapereka moni ndi manja awiri, ine n'kuwerenga zala. Chimodzi panalibe.

"Ndine ninagunda motoka yanu," anauza alamu. "Munikhululukile." Kenako anatembenukira kwa ine. "Si vamene, mwana wanga? Unaniona, ka?"

Ndinangogwedeza mutu kuvomera.

Alamu anamukhululukira, anamuperekeza mpaka pamsewu. Ine mpaka lero sindinaulule. Ndikaona vaneti yabuluu ikubwera, ndimayang'ana pansi, kuopa kuona dzanja lili pachiwongolero.