A Robson M'filimu ya Tiyi

Amuna anga, a Isake, sanali munthu wokhazikika. Ngakhale pakudya mwendo unkangogwedezeka. Zaka khumi ndi ziwiri anaonetsa kanema kuholo ya pa esiteti ya tiyi, kufupi ndi Muloza, ndipo anthu ankati ntchito yawo ndi yophweka. Yophweka chani! Anthuwo ankangoona za Loweruka.

Ntchito yeniyeni inali ya Lachinayi. Filimu ikafika m'chitini, a Isake ankaikoka pang'onopang'ono pawindo, kuyang'ana kachithunzi kalikonse padzuwa. Sekondi imodzi yokha, tizithunzi makumi awiri ndi tinayi. Aboma ku Blantyre ankakhala ataiona kale, koma iwo sankakhulupirira maso a munthu wina. Mukatsala mkazi wovala thalauzi, kapena diresi losafika m'mawondo, ankadula ndi sizasi n'kumata. Achipani sakanapita ku Blantyre kukafunsa, akanagwira amene waonetsayo. Kunyumba ankabwera maso ali psuu, n'kumandiyang'ana ngati nanenso andidula penapake.

Mu 1973 kunabwera filimu ya ulimi wa tiyi, yojambulidwa pa esiteti pomwepo zaka ziwiri m'mbuyomo. Mmenemo munali akulu awo a Isake, a Robson, atabereka dengu, akumwetulira. A Robson anali a mpingo wa Mboni. Atakana kugula kadi ya chipani anawatenthera nyumba, iwo n'kuthawira ku Milange. Chichokereni, zii. Ndipo atcheyamani a chipani anali atanena kale kuti wothawa dziko asadzaonekenso, ngakhale pakhoma.

Tsiku limenelo a Isake sanadye. Kulowa, kutuluka, kuzungulira nkhokwe, kulowanso. Ine zinandikwana.

"Dulani, bambo," ndinatero. "Muli ndi ana anayi. Akakutengani, tilowera kuti?"

Ndinanena ndine, sindikana. Anakadula.

Koma pakamwa pangapa mpoipa. Ndinakauza apongozi kuti mwana wawo ali m'filimu. Lachisanu m'mawa mayi wokalamba uja anauyamba wapansi, ine pambuyo ndikuwachonderera, mpaka kuholo.

"Isake, ndionetse mkulu wako," anatero atangolowa.

A Isake anatulutsa kachidutswa anadula kaja, kotalika ngati mkono, n'kukagwira pawindo. Apongozi anayandikira, anatsinzina diso limodzi, anapukuta maso ndi chitenje, anayesanso. Nkhope ya a Robson inali ngati njere ya mapira.

"Sindikuona kanthu. Muike pakhoma, akule ngati azungu umaonetsa aja."

"Amayi, n'kakafupi. Makina sangakagwire pakokha."

"Ndiye m'bwezere m'mene unam'chotsamo."

Kubwezera kunali kotheka, kumata basi. Koma magetsi a kuholo ankayatsidwa Loweruka lokha, anthu atadzaza, atcheyamani ali pampando wakutsogolo. A Isake anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana pansi, mtima ukundiwawa, komabe sindinawauze kuti abwezere.

"Sizingatheke, amayi."

Apongozi anafunsa kuti mwana wawo ali pati. A Isake anawagwira chala n'kuchiika pa kachithunzi kamodzi. Anasisita pamenepo nthawi yaitali, kenako anatola ndodo yawo.

"Ajatu anangom'thamangitsa," anatero ali pakhomo. "Wom'dula ndi iwe."

Apongozi anamwalira dzinja lotsatira, a Robson asanabwere. A Isake anaonetsabe kanema mpaka maso anatha, ndipo sanandinenepo ngakhale kamodzi. Bola akanandinena. Mawu aja anali oyenera ine, koma anagwera iwo.