Mayi Subilaga ndi Pepala la Munda wa Mayi Wamasiye

Abale ndi alongo, tsamba la mwezi uno talipereka kwa Mayi Subilaga Mwaijande, amene tinawaika m'manda Lachiwiri lapitali. Achinyamata munawadziwa atakalamba kale, akuyenda ndi ndodo, osayankhulayankhula. Akuluakulu tikuwadziwa mwa njira ina, ndipo ena mwa ife tiwerenga tsambali nkhope zili pansi.

Anabadwa mu 1951 kumapiri kumtunda kwa Tukuyu, mwana wachitatu wa anthu othyola tiyi. Bambo awo anamwalira iwo ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Kusukulu ankapita atathyola kaye dengu limodzi, mapazi atachita dzanzi ndi mame. Atamaliza pulayimale anaphunzira kutayipa kumishoni, nakwatiwa ndi Bambo Mwaijande, woyendetsa lole, amene anafera pangozi ya pamsewu mu 1984 n'kuwasiyira mwana mmodzi wamwamuna. Sanakwatiwenso. Patapita zaka ziwiri anapeza ntchito kwa Loya Mwakalinga, amene ofesi yake inali pamwamba pa sitolo ya misomali ndi utoto.

Ofesi imeneyo inkalandira chilichonse. Wofuna kulemba wilu, wochotsedwa ntchito popanda chifukwa, wokanganirana malire ndi mnansi, banja lofuna kutha, mayi amene mwana wake wagona kupolisi ndipo akufuna belo, onsewa ankakwera masitepe omwewo. Woyamba kukumana naye anali Mayi Subilaga. Ankatayipa zikalata, komanso ankamasulira, chifukwa mapepala ankalembedwa m'Chingerezi pamene anthu ambiri ankamva Chinyakyusa chokha.

Munthu wosadziwa kuwerenga ankadinda ndi chala. Pansi pa chidindocho pankakhala mawu akuti pepalalo lawerengedwa lonse kwa mwini chala m'chinenero chake ndipo wamva, kenaka womasulira ankasayina. M'maofesi ena mawuwa ankangosayinidwa mwamwambo. Mayi Subilaga ayi ndithu. Ankawerenga kuyambira pamutu mpaka pansi, ndime ndi ndime, n'kumaima kufunsa kuti, "Mwamva? Tandiuzani mwamva chiyani." Loya Mwakalinga ankadandaula kuti, "Amayi inu, mudzandiwerengera ndi chiphaso cha kumanda chomwe ndisanalowe." Iwo ankangoyankha kuti, "Dzina ndi langa, bwana. Ndikalisayina pabodza ndikalitenga kuti lina?"

Kumpingo kuno anali mtsogoleri wa amayi kwa zaka khumi ndi chimodzi. Pamene tinaganiza zomanga tchalitchi chatsopano, anali m'gulu loyamba kuponda dothi. Loweruka lililonse kwa zaka ziwiri ankasenza njerwa pamutu kuchokera kumtsinje, mpaka tsitsi la pakati pamutu linatha. Tchalitchicho ankachifuna kuposa wina aliyense, ndipo izi muzisunge pamene mukuwerenga zotsatirazi.

Mu 1998 mpingo wina wa ku Dar es Salaam unalonjeza kutipatsa malata ndi matabwa onse, pokhapokha tiwonetse pepala la malo okwana maekala atatu Pasaka isanafike. Malo athu anali ochepa. Koma moyandikana nafe munali munda wa Mayi Tumpale, mayi wamasiye wa zaka zopitirira makumi asanu ndi awiri, amene ankakhala ndi mwana wawo Atuganile ndi zidzukulu zitatu. Nthochi, khofi pang'ono, ng'ombe imodzi ndi nyumba ya zipinda ziwiri, moyo wawo wonse unali pamenepo. Lamulungu lina mkulu wa mpingo, Bambo Gwakisa Mwaikambo, amene ankatsogolera komiti yomanga, analengeza kuti Mayi Tumpale apereka malo kwa Ambuye. Nthungululu zinamveka mpaka kumsika.

Lachitatu Mayi Subilaga anatayipa pepalalo monga momwe mkuluyo anafotokozera loya. Linati munda wonse pamodzi ndi nyumba zikuperekedwa ku mpingo. Anatayipa akuyimba chamumtima, akudabwa chikhulupiriro cha mayi wokalambayo. Lachisanu m'mawa, kutatsala masiku asanu ndi anayi kuti Pasaka ikwane, Bambo Mwaikambo anakwera masitepe atagwira Mayi Tumpale padzanja.

Mayi Tumpale atakhala pansi n'kupuma, anamwetulira. "Subilaga mwana wanga, ndiwe uli pano? Basi mtima wakhala pansi. Bweretsa inkiyo ndidinde, ndikafike mvula isanayambe. Kachigawo kakumsewu kaja kamangomera udzu. Bola Mulungu amangepo nyumba yake."

Mayi Subilaga ankakadziwa bwino kachigawo kakumsewu, sikankakwana ngakhale theka la ekala. Anayang'ana pepala, nayang'ana mkulu wa mpingo. Mkuluyo anali kuyang'ana pawindo.

"Amayi, mwati kachigawo kati?" anafunsa.

Bambo Mwaikambo anatembenuka msanga. "Mlongo, zonse tinakambirana kale kunyumba, tinapempheranso. Musawatopetse agogowa ndi Chingerezi chanu. Sayinani apo, basi itisiya."

"Ndiwawerengere kaye, abambo."

"Ndati anamva kale."

"Kwa ine sanamve."

Mkuluyo anawerama n'kuyankhula motsitsa m'Chiswahili kuti mayi wokalambayo asatole zambiri. "Tamverani, Mayi Mwaijande. Palibe amene adzawathamangitse. Adzakhala m'nyumbamo mpaka Ambuye awaitane. Mwana wawo ujayo ngakhale chitseko cha tchalitchi sachidziwa, mukufuna munda ukathere kwa iye? Njerwa zija munasenza ndinu. Mukufuna zisungunuke ndi mvula chifukwa cha ndime imodzi?"

Mayi Subilaga anatiuza okha patapita zaka kuti pamenepo anayesedwa kwambiri. Mawu a mkuluyo sanali opanda mphamvu. Ankaona makoma amene anali atayamba kale kukwera pamalo athu, ankaona amayi anzawo mazana awiri amene anatupa mapewa limodzi nawo. Kungosayina kokha, denga likanakhalapo. Mayi Tumpale anali atatambasula kale chala, akudikira inki ngati mwana wodikira kusambitsidwa m'manja.

Mayi Subilaga anakankhira inki kumbali, nayamba kuwerenga m'Chinyakyusa. Anawerenga dzina, anawerenga mudzi. Atafika pandime yachitatu anawerenga momveka bwino. Munda wonse wa maekala atatu, kuyambira kumsewu mpaka kumtsinje, nthochi ndi khofi ndi nyumba, kuyambira tsiku la chidindo.

Mayi Tumpale anabweza chala chawo pang'onopang'ono n'kuchibisa m'nsalu.

"Ndi nyumba yomwe?" anafunsa.

"Ndi nyumba yomwe, amayi."

"Nanga Atuganile ndi ana akagona kuti ine ndikafa?"

"Pepalali silikunena."

Mayi wokalambayo anatembenukira kwa mkulu wa mpingo. "Gwakisa, amayi ako ndinawathandiza ine kukubala iwe. Wandibweretsa kuno kudzandivula?"

Bambo Mwaikambo anamenya tebulo. "Mlongo, mwagwetsa nyumba ya Mulungu ndi pakamwa panu! Mudzayankha!"

Phokosolo linatulutsa Loya Mwakalinga m'chipinda chake. Atamva zonse anatenga pepalalo, naliyang'ana nthawi yaitali, nalilowetsa m'kabati. Alendo atatsika anapukusa mutu. "Amayi inu, mwandithamangitsira theka la Tukuyu lero. Koma chikanafika kukhoti chinthu ichi, ndikanaima ndi nkhope yanji? Konzani tiyi."

Tsopano ndinene zathu, chifukwa pobisala palibe. Lamulungu lotsatira nkhani inali itafika kale khomo lililonse, ndipo inafika itapindika. Ankati Mayi Subilaga anawopseza gogo wosadziwa kanthu. Ankati anadya za Atuganile. Ankati ntchito ya kwa loya yawalowa m'mutu mpaka akuyesa mpingo ndi khoti. Pasaka inadutsa, malata anapita ku mpingo wina. Makoma athu anakhala opanda denga mvula ziwiri, ndipo mvula ya kuno mukuidziwa. Khoma la kum'mawa linagwa. Tsiku limene linagwa, mayi wina anawaimitsa pamsika n'kuwauza pagulu kuti, "Pitani mukaone ntchito ya manja anu."

Anapitadi kukaona. Anthu anawapeza akutola njerwa zosasweka n'kumaziunjika pambali, misozi ili mbwembwembwe.

Bungwe la akulu linakhala pansi n'kuwachotsa pa utsogoleri wa amayi. Kalata yake inati asokoneza mtendere wa mpingo. Amene anailemba ndi dzanja lake n'kuipereka ndine, mlembi wanu, ndili ndi zaka makumi atatu ndi ziwiri. Ndinkadziwa zimene zinachitika mu ofesi muja, chifukwa Mayi Tumpale ankauza aliyense wofuna kumva. Ndinaopa akuluakulu. Mayi Subilaga anailandira ndi manja awiri, naiwerenga ndili chiimire, nati, "Zikomo, achimwene. Mwalemba bwino. Moni kunyumba."

Mwana wawo anawalembera kuti asamukire kwa iye ku Dar es Salaam. Mipingo ina inawaitana. Anakana zonse. Lamulungu lililonse ankabwera, ngakhale kuti kwa zaka zingapo amayi ankasuntha iwo akakhala pafupi. Loweruka ankasesa bwalo m'mamawa ena asanafike kuti asachititse munthu manyazi. Pamaliro a anthu omwewo amene ankawadya miseche ankapezeka kumoto, akusenda nthochi. Mayi wina atawafunsa ngati sakudandaula, anati, "Ndimadandaula denga tsiku lililonse. Koma Mulungu akanafuna munda wa Mayi Tumpale akanawapempha akumva."

Mayi Tumpale sanasinthe mawu awo. Anabwereranso ku ofesi ija, ulendo uno ndi Atuganile, napereka kachigawo kakumsewu, nalembetsanso wilu yosiyira mwana wawo zotsalazo. Pamenepo ndi pamene pali khonde ndi zipinda za Sande sukulu lero. Denga tinalipeza patapita zaka zinayi, ndi malata ogula limodzilimodzi. Mayi Tumpale anamwalira mu 2003 m'nyumba yawo. Atuganile analera ana atatu ndi nthochi ndi khofi wa m'mundamo, ndipo wina wa iwo ndi namwino tsopano.

Pang'onopang'ono anthu anayambanso kuwapatsa moni Mayi Subilaga. Amene ankawanyoza anayamba kukwera masitepe aja ndi mapepala awo, n'kumanena kuti, "Tikufuna atiwerengere mayi aja." Ankawawerengera onse mofanana. Koma kalata ija sinafafanizidwe. Bambo Mwaikambo anamwalira asananenepo kanthu, ife otsala tinangoti zapita, tizisiye. Tinkaganiza kuti moni ndi kupepesa n'chimodzimodzi.

Mayi Subilaga anapuma pantchito mu 2011. Chaka chatha miyendo itayamba kutupa ndi mtima kufooka, Atuganile anapita ndi galimoto yobwereka n'kuwatenga. Mwana wa Mayi Subilaga ankafuna kuwapititsa kumzinda, koma Atuganile anati, "Nyumba iyi ilipo chifukwa cha iwo. Agona muno." Anawasamalira miyezi isanu ndi itatu, kuwasambitsa ndi kuwadyetsa chambiko ndi supuni.

Mwezi watha ndinadzutsa nkhaniyi m'bungwe la akulu. Tinagwirizana zolemba kalata yopepesa ndi kufafaniza yakale ija. Tinadziwa kuti akudwala kwambiri, komabe tinataya milungu itatu tikukangana mawu. Wina ankati tisalembe kuti tinalakwa, tilembe kuti panali kusamvetsetsana. Wina ankati tisadetse dzina la malemu Bambo Mwaikambo. Lamulungu lapitalo, mapemphero atatha, tinakhalanso ola lathunthu tikukangana za amene akawerenge. Kenaka tinanyamuka anthu asanu, kalata ili m'thumba langa. Tili pakati pa nthochi tinamva kulira.

Anamwalira masana omwewo. Anapempha kuti awatulutse pakhonde awothe dzuwa. Anamvetsera kuyimba kwathu kuchokera kutsidya kwa mpanda, nayimba nawo ndime imodzi ndi mawu otsika. Mdzukulu wa Mayi Tumpale, namwino uja, anawawerengera salimo. Mayi Subilaga anati, "Kwafunda bwino lero," natseka maso, osatsegulanso.

Atuganile anatuluka n'kuima pakhomo, maso ali psuu. Anatiyang'ana mmodzimmodzi, nayang'ana envelopu imene inali itatulukira m'thumba langa.

"Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi," anatero. "Kuchokera patchalitchi apo pokha kufika pano."

Ine ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

"Anandiuza kuti mudzabwera ndithu. Ine ndinati simudzabwera, tinatsutsana mpaka dzulo. Ndiye anandilumbiritsa kuti mukadzabwera ndisadzakunyozeni." Anapukuta nkhope ndi nsalu, napatuka pakhomo. "Sindikunyozani. Lowani mukawaone."

Tinalowa. Kalatayo ndinaiwerenga pamaliro, pamaso pa mpingo wonse, ndipo mawu akuti tinalakwa alimo. Mwini wake sanaimve. Amene muli ndi munthu woti mukamupepese, musadikire bungwe.

Ambuye amene anawatumikira mokhulupirika awalandire, ndipo ife atichitire chifundo.